Mlandu wanga wathetsedwa ndipo ndilibe loya: mafunso ndi mayankho kwa odziyimira okha m'makhoti a ku Zomba

Pakhonde la khoti kuno ku Zomba pamafika anthu ndi envulopu ya mapepala m'manja, n'kuuzidwa ndi kalaliki kuti mlandu wawo unathetsedwa kale. Ena amakhala atalawirira kuchokera ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale, ndipo ambiri mwa iwo amabwerera kwawo poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu otere amafunsa kawirikawiri. Akukhudza milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake, monga ya ngongole, ya malo, ya chipepeso cha ngozi ndi ya kuphwanya mgwirizano, osati milandu ya upandu imene boma limazenga.

Kalaliki wandiuza kuti mlandu wanga unathetsedwa. Kodi ndiye kuti ndagonja?

Mawu akuti kuthetsedwa amabisa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo zonse zimene mungachite kuyambira lero zikudalira kudziwa kuti chakugwerani ndi chiti. Pali mlandu umene woweruza anaumva mpaka kumapeto, mboni zinalankhula, mbali zonse zinafunsana mafunso, kenako iye n'kugamula kuti dandaulo lanu lilibe maziko. Pamenepo mwagonjadi, ndipo woweruza yemweyo sangabwerere m'mbuyo kukasintha maganizo ake. Khomo lotsala ndi la apilo ku bwalo la pamwamba. Koma palinso mlandu umene umathetsedwa usanamvedwe n'komwe, chifukwa wodandaula sanaonekere pa tsiku lake, kapena sanapereke mapepala amene anauzidwa kuti apereke, kapena anangousiya uli chigonere kwa nthawi yaitali. Pa mlandu wotere palibe amene wagamula kuti wolondola ndani, ndipo malamulo amakupatsani mpata wopempha kuti ubwezeretsedwe.

Mapepala a khoti amalembedwa m'Chingerezi, choncho muyang'ane mawu amene ali pa lamulo lothetsa mlanduwo. Mukaona "dismissed for non-attendance", ndiye kuti wathetsedwa chifukwa simunabwere. "Dismissed for want of prosecution" akutanthauza kuti simunauyendetse mlandu wanu, pamene "struck out" akutanthauza kuti wafufutidwa m'kaundula wa milandu. Onse atatuwa ali m'gulu lachiwiri lija.

Nanga choyamba kuchita n'chiyani?

Musachoke pakhoti tsiku limene mwamva uthengawu musanaone fayilo ya mlandu wanu. Perekani nambala ya mlandu ku ofesi yosunga mafayilo, mupemphe kuona zimene woweruza analemba pa tsiku limene anauthetsa, ndipo mupemphenso kope ya lamulolo. Mulembe m'kabuku kanu tsiku limene mlandu unathetsedwa, dzina la woweruza, amene analipo, ndi tsiku limene inu mwamva za nkhaniyi, chifukwa masiku awiri amenewa ndi amene adzafunsidwe koposa zonse.

Muyang'anenso chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachidumpha: kodi m'fayilomo muli umboni wosonyeza kuti inu munapatsidwa chidziwitso cha tsiku la mlandu? Ngati mulibe, kapena ngati chidziwitsocho chinapita ku keyala yolakwika, kapena chinasayinidwa ndi munthu amene simukumudziwa, mwapeza kale mutu wa pempho lanu.

N'chifukwa chiyani khoti limathetsa mlandu umene silinaumve? Kodi si ufulu wanga kumvedwa?

Ndi ufulu wanudi. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku bwalo la milandu kuti nkhani yake ikamvedwe ndi kugamulidwa, ndipo ndi chifukwa chake oweruza ambiri safulumira kutsekera munthu kunja mpaka kalekale. Koma amene mwamusumirayo nayenso ali ndi ufulu wosakhala ndi mlandu wolendewera pamutu pake chaka ndi chaka, akuwononga ndalama zoyendera pamene inu simukuonekera. Mwini mlandu ndi wodandaula, ndipo udindo wouyendetsa ndi wake, osati wa khoti kapena wa woyankha.

Ku bwalo lalikulu la milandu, lomwe lili ndi nthambi yake kuno ku Zomba kuwonjezera pa za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, milandu yotere imatsata malamulo otchedwa Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules, amene anayamba kugwira ntchito pa 3 Okutobala 2017. Malamulo amenewa anabwera ndi cholinga chakuti milandu izitha msanga, ndipo anapatsa jaji mphamvu zambiri zoyendetsera mlandu. Milandu yambiri imayamba yadutsa pa mkhalapakati, pamene jaji amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo wodandaula akajomba pamenepo popanda chifukwa chomveka mlandu wake ungathe kuthetsedwa. Woyankha angathenso kupempha kuti mlandu uthetsedwe ngati wodandaula sanachite zimene malamulo kapena jaji analamula m'nthawi yake. Choopsa kwambiri kwa odziyimira okha n'chakuti pakatha miyezi 12 popanda chilichonse chochitika pa fayilo, bwalo lingathe kufufuta mlanduwo osakudziwitsani n'komwe. Ambiri amagwa pamenepa, chifukwa akadula chisamani amapita kumudzi kukadikira kuti khoti liwaitane, monga momwe amadikirira mesenjala wa amfumu, osadziwa kuti khoti nalo likudikira iwo.

Mabwalo a majisitireti amatsata malamulo awo otchedwa Subordinate Courts Rules, amene ndi opepukirapo, koma mfundo yake ndi yomweyo: wodandaula akapanda kuoneka, mlandu ungathe kuthetsedwa.

Kodi ndibwerere kwa woweruza yemweyo, kapena ndichite apilo?

Funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti, kodi inu munalipo pamene lamulo lothetsa mlandu linkaperekedwa? Ngati linaperekedwa inu palibe, pempho lanu lipite ku bwalo lomwelo limene linathetsa mlanduwo, pa fayilo yomweyo ndi nambala yomweyo. Simukumuuza woweruza kuti analakwitsa. Mukumuuza zimene sakanatha kuzidziwa tsiku limenelo chifukwa inu simunalipo kuti muzifotokoze. Njira imeneyi ndi yachangu ndiponso yotsika mtengo kuposa apilo.

Ngati munalipo, munafotokoza mbali yanu, koma jaji wa bwalo lalikulu anathetsabe mlanduwo chifukwa chosauyendetsa, zinthu zimalimba. Pamenepo lamulolo limachotsedwa kudzera mu apilo, kapena ngati mbali zonse ziwiri zagwirizana kuti lichotsedwe. Apilo yochokera kwa majisitireti imapita ku bwalo lalikulu, ndipo yochokera ku bwalo lalikulu imapita ku Supreme Court of Appeal, bwalo la apilo lomwe lili pamwamba pa mabwalo onse. Nthawi yopereka chidziwitso cha apilo ku bwalo la Supreme ndi yochepa: masiku 14 pa zimene jaji walamula mlandu udakali m'kati, ndi masabata 6 pa zigamulo zina. Munthu amene wafika pamenepa ndikumulangiza ndi mtima wonse kuti asayende yekha, chifukwa kungosankha khomo lolakwika kumatha kumudyera nthawi yonse imene anali nayo.

Woweruza amayang'ana chiyani asanavomere kubwezeretsa mlandu?

Amayang'ana zinthu zitatu, ndipo pamene mlandu wathetsedwa chifukwa chosabwera pa tsiku lozenga, zonse zitatu ziyenera kuoneka pamodzi. Choyamba, kodi munachitapo kanthu mwamsanga mutangomva kuti mlandu wathetsedwa? Chachiwiri, kodi munali ndi chifukwa chomveka chimene chinakulepheretsani kubwera kapena kuchita zimene munayenera kuchita? Chachitatu, kodi mlandu wanuwo uli ndi mutu, moti ukabwezeretsedwa pali chiyembekezo chenicheni chakuti mungapambane?

Odziyimira okha ambiri amathera mphamvu zawo zonse pa chachiwiri. Amafotokoza mwatsatanetsatane za matenda, za maliro, za mvula, ndipo woweruza amawamvetsa, koma akafunsidwa kuti nanga mlandu wanuwo ndi wotani, amangoti anandilakwira. Khoti silifuna kudzutsa mlandu umene udzagwenso mawa. Ngati ndi ngongole, onetsani pepala limene munasayinirana, uthenga wa pa foni umene wangongoleyo anavomera, kapena risiti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yosonyeza tsiku limene ndalama zinatumizidwa. Ngati ndi ngozi ya pamsewu, onetsani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala. Simukuzenga mlandu wonse pa tsikuli, koma mukuonetsa kuti pali nkhani yoyenera kuti bwalo liyimve.

Pali china chimene woweruza amachiyeza m'mtima mwake ngakhale simunachitchule, ndicho mavuto amene woyankha angakumane nawo mlandu ukabwerera. Ngati papita nthawi yaitali moti mboni zake zina zinamwalira, zina zinapita ku Johannesburg, kapena mapepala ake anatayika, bwalo lingaone kuti kumubweza m'mlandu sikukhala chilungamo. Ichi ndi chifukwa china chimene kuchedwa kumapwetekera.

Kodi ndi zifukwa ziti zimene zimamveka kukhoti?

Champhamvu koposa ndi chakuti simunadziwitsidwe za tsiku la mlandu. Munthu sangaimbidwe mlandu wojomba pa tsiku limene sanauzidwe. Koma ngati munasamuka, kapena munasintha nambala ya foni, osadziwitsa khoti ndi mbali inayo, chifukwa chimenechi chimafooka, pakuti chidziwitso chinapita kumene inu munanena kuti mumapezeka.

Matenda amamveka ngati ali ndi umboni. Buku lanu la kuchipatala, lolembedwa tsiku ndi kudindidwa, limalankhula bwino kuposa mawu ambiri. Ngati munagonekedwa ku Zomba Central Hospital kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanu, pemphani kalata yonena tsiku limene munalowa ndi limene munatuluka. Ngati munkadwazika mwana kapena kholo, nenani zimenezo momwe zinalili ndipo mubweretse buku la wodwalayo. Maliro a wachibale wapafupi amamvekanso, ndipo kalata ya amfumu kapena ya kumpingo yonena tsiku la maliro imathandiza; komabe woweruza angakufunseni chifukwa chimene simunatume munthu kudzanena kukhoti, ndiye mukhale ndi yankho loona.

Ife a ku Zomba tikudziwa zimene dzinja limachita. Mitsinje ngati Likangala ikasefukira, munthu wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa angathe kulephera kufika m'tauni ngakhale atalawirira chotani, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zambiri. Chifukwa chotere n'chomveka, koma muchinene mwachindunji: mtsinje uti, tsiku liti, munafika pati, munabwerera nthawi yanji, ndipo ndani anakuonani.

Kusowa ndalama yoyendera ndi vuto lenileni, ndipo sindikulipeputsa, chifukwa pali anthu amene amagulitsa nkhuku kuti apeze ya kabaza ndi minibasi. Koma palokha silikhala chifukwa champhamvu, pakuti tsiku la mlandu limadziwika pasadakhale. Limalemera ngati muonetsa zimene munayesa kuchita, monga kuimba foni, kutuma mbale ndi kalata, kapena kufika tsiku lotsatira. Zifukwa zonga kuiwala, kutanganidwa ndi kumunda, kapena kuganiza kuti mlandu uyimitsidwanso monga kale, sizipita patali. Ngakhale zili choncho, ngati choonadi n'chakuti munasokoneza tsiku, ndi bwino kunena choonadicho n'kupepesa kusiyana ndi kupeka matenda, chifukwa zimene mukulemba mukuzilumbirira, ndipo kunama pa lumbiro ndi mlandu wa upandu umene ungakutengereni kundende.

Ndili ndi masiku angati oti ndipereke pempho langa?

Muwerenge nthawi yanu m'masiku, osati m'miyezi. Woweruza adzayang'ana mtunda umene uli pakati pa tsiku limene munamva ndi tsiku limene pempho lanu linadindidwa ku khoti, ndipo tsiku lililonse la pakati apo likufuna kufotokozedwa. Amene wabwera m'sabata yomweyo amaoneka kuti mlandu wake amaufunadi. Amene wabwera patatha miyezi isanu ali ndi ntchito iwiri, yofotokoza chifukwa chimene anajombera ndi yofotokoza chifukwa chimene anachedwera, ndipo yachiwiriyo ndi imene imagwetsa ambiri. Nthawi zina lamulo lothetsa mlandu limanena lokha masiku amene mwapatsidwa kuti mupemphe kubwezeretsa, choncho muliwerenge mpaka mzere womaliza. Musadikire kuti mukolole kaye, kapena kuti mupeze kaye ndalama ya loya. Perekani pempho, thandizo lidzakupezani muli kale m'kati.

Kodi ndilembe mapepala otani?

Ku bwalo lalikulu pamafunika mapepala awiri. Loyamba ndi pempho lenilenilo, lolembedwa mutu wa mlandu monga momwe ulili pa chisamani, nambala yake, mayina a mbali zonse, ndi chimene mukupempha, ndicho chakuti lamulo la tsiku lakuti lichotsedwe ndipo mlandu ubwezeretsedwe. Lachiwiri ndi chikalata cha lumbiro, chimene malamulo a 2017 amachitcha sworn statement ndipo ambiri amachidziwabe ndi dzina lakale la affidavit. Chikalata chimenechi ndicho mtima wa pempho lanu, chifukwa woweruza amagamula potengera umboni, ndipo zimene simunazilumbirire si umboni.

Muchilembe m'ndime zazifupi zokhala ndi manambala, nkhani imodzi pa ndime imodzi, motsata masiku. Yambani ndi kunena kuti ndinu yani ndipo mlandu ndi wa chiyani. Kenako munene tsiku limene mlandu unathetsedwa, chimene chinakuchitikirani, tsiku limene munamva ndi amene anakuuzani, zimene munachita mutangomva, ndi mwachidule chifukwa chimene mukukhulupirira kuti dandaulo lanu lili ndi maziko. Pomaliza munene kuti ndinu wokonzeka kupitiriza mlandu pa tsiku lililonse limene bwalo lingapereke. Pepala lililonse la umboni, kaya ndi la kuchipatala kaya kalata ya amfumu, mulitchule m'ndime yake ndipo kope yake muyimangirire kumbuyo. Musatukwane woyankha, musadandaule za kalaliki, ndipo musalembe mbiri yonse ya mkangano kuyambira nthawi ya agogo. Masamba awiri kapena atatu olunjika amakwanira.

Mukamaliza musasayine muli nokha kunyumba. Chikalatacho chimasayinidwa pamaso pa munthu amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti kapena loya amene ndi Commissioner for Oaths. Ngati wina wakulemberani m'Chingerezi, muumirire kuti akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chiyao mzere ndi mzere musanayike siginecha kapena chidindo cha chala, chifukwa amene adzafunsidwe za mawuwo ndi inu, osati wolembayo. Konzani makope atatu, ya khoti, ya mbali inayo ndi yanu, mulipire ku ofesi yolandira ndalama, ndipo musachoke popanda risiti ya boma. Ku bwalo la majisitireti ndondomeko yake ndi yopepukirapo, ndipo kalaliki angakuuzeni mtundu wa pepala limene likufunika, ngakhale kuti si ntchito yake kukulangizani zoti mulembemo.

Kodi amene ndinamusumira ayenera kudziwa za pempho langa?

Inde. Iye anachoka kukhoti akudziwa kuti mlandu watha, ndipo sangabwezedwemo osamvedwa. Mumupatse kope yodindidwa ya pempho ndi ya chikalata cha lumbiro nthawi ikadalipo, kapena mupereke kwa loya wake ngati ali naye, ndipo wolandirayo asayine pa kope yanu ndi kulemba tsiku. Mapempho ambiri abwino amayimitsidwa pa chifukwa chokhachi, chakuti palibe umboni woti mbali inayo inalandira mapepala. Palibenso cholakwika kumufunsa ngati angavomere kuti mlandu ubwerere popanda kulimbana. Akavomera, mgwirizanowo ulembedwe, musayine nonse, ndipo upite kwa woweruza kuti ausandutse lamulo.

Tsiku lomva pempho likafika, ndikalankhule chiyani?

Fikani m'mawa, mudziwitse kalaliki kuti mwafika, ndipo mukhale pafupi ndi chipinda chimene mlandu wanu ukamvedwere, chifukwa pempho lotere nthawi zambiri limamvedwa mu ofesi ya woweruza ndipo dzina likaitanidwa inu muli kunja kogula madzi mungathe kugwanso m'dzenje lomwe lija. Ngati Chingerezi chimakuvutani, nenani poyamba pomwe kuti mukufuna womasulira. Mukapatsidwa mpata, lankhulani kwa woweruza, osati kwa mnzanuyo, ndipo mutsate zinthu zitatu zija: munabwera msanga, munali ndi chifukwa, mlandu uli ndi mutu. Mutengenso mapepala enieni a makope amene munamangirira. Loya wa mbali inayo akamalankhula musamudule mawu ngakhale akunena zimene zikukupwetekani. Lembani, mudzayankha nthawi yanu ikakwana.

Kodi ndidzalipira ndalama kwa mbali inayo?

N'zotheka ndithu, ngakhale pempho lanu litavomerezedwa. Kawirikawiri woweruza amabwezeretsa mlandu koma n'kulamula kuti wodandaula abweze ndalama zimene woyankha anawononga pa tsiku limene linapita pachabe lija, ndipo nthawi zina amanena kuti zilipidwe mlandu usanapitirire. Ngati ndalamazo zingakulemereni, nenani pomwepo mwaulemu, mupemphe nthawi yolipira kapena kuti nkhani ya ndalamayo idikire mapeto a mlandu. Muyang'anenso ngati lamulo loyamba lothetsa mlandu linakulamulani kale kulipira; ngati ndi choncho, mupemphe m'pempho lomwelo kuti kulipiritsako kuyime kaye, kuopa kuti asherifu angafike pakhomo panu nkhani isanamvedwe.

Bwanji osangodula chisamani chatsopano?

Nthawi zina zimatheka, pakuti mlandu umene sunamvedwe sunagamulidwe, koma njira imeneyi ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wa nthawi. Lamulo lotchedwa Limitation Act limapereka malire a zaka zimene munthu angasumire mnzake: zaka 6 pa milandu yambiri ya ngongole ndi ya mgwirizano, zaka 3 pa chipepeso cha kuvulala m'thupi, ndi zaka 12 pofuna kulanditsa malo. Tiyerekeze kuti mayi wa ku Thondwe anagundidwa ndi galimoto, n'kusuma patatha zaka ziwiri, ndipo mlandu wake wathetsedwa patatha chaka china ndi theka. Akadula chisamani chatsopano, mbali inayo idzangonena kuti zaka 3 zinadutsa, ndipo mlanduwo udzafera pomwepo. Koma akabwezeretsa mlandu wakale, tsiku limene likuwerengedwa ndi lija anasumira poyamba. Kwa mayi ameneyu kubwezeretsa si njira yabwino chabe, ndi njira yokhayo.

Msampha wachiwiri ndi wakuti bwalo lingaone mlandu watsopanowo ngati kuzemba lamulo lake, makamaka ngati simunalipire ndalama zimene munalamulidwa pa mlandu woyamba. Ndipo ngati mlandu woyamba unamvedwa n'kugamulidwa, simungausumenso konse, ngakhale mutapita ku bwalo la ku Machinga kapena ku Mangochi. Mukasankha kuyamba watsopano, musabise kuti panali wina.

Ndinali ndi chiletso choletsa mnzangayo kumanga kapena kugulitsa malo. Kodi chikugwirabe ntchito?

Musadalire zimenezo. Chiletso cha m'kati mwa mlandu chimatsamira pa mlanduwo, ndipo mlandu ukagwa nacho chimagwa. Ngati pali choopsa chakuti malo agulitsidwa kapena katundu asamutsidwa, munene zimenezo m'chikalata chanu cha lumbiro, mupemphe kuti pempho limvedwe mwachangu, ndipo mupemphe mwachindunji kuti chiletso chibwerere pamodzi ndi mlandu.

Poyamba ndinali ndi loya, ndipo iye ndi amene sanapite kukhoti. Kodi ndilangidwe chifukwa cha iye?

Pamaso pa khoti, zimene loya wanu wachita kapena walephera kuchita zimatengedwa ngati zanu, ndipo ichi n'chowawa kwa munthu amene analipira ndalama zake n'kukhulupirira kuti zonse zikuyenda. Komabe oweruza amamvetsera ngati muonetsa kuti inu simunagone: masiku amene munapita ku ofesi yake, mauthenga amene munamutumizira, ndi mayankho amene munkalandira. Pemphani fayilo yanu kwa iye, mudziwitse khoti polemba kuti tsopano mukudziyimira nokha, ndipo mupereke keyala ndi nambala ya foni imene mukupezekapo. Madandaulo okhudza khalidwe la loya amapita ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo isakuchedwetseni kupereka pempho lanu.

Popeza sindine wophunzira zamalamulo, kodi khoti silingandimvere chisoni?

Oweruza ambiri amaleza mtima ndi munthu wodziyimira yekha. Amamufotokozera ndondomeko, ndipo kulakwitsa kalembedwe ka pepala sikuchititsa kuti zonse zikhale zopanda ntchito, pakuti malamulo a 2017 amalola bwalo kukonza zolakwika zotere. Koma woweruza sangakhale loya wanu, chifukwa ayenera kuyima pakati, ndipo masiku amene malamulo anayika ndi amodzi kwa wa loya ndi wopanda loya. Kusadziwa kungakuthandizeni kufotokoza kulakwitsa koyamba, koma sikungakuthandizeni kachiwiri pa chinthu chomwecho.

Kodi thandizo ndingalipeze kuti kuno ku Zomba?

Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Legal Aid Act la 2011, ili ndi ofesi kuno ku Zomba, ndipo imathandiza anthu osowa pa milandu ya upandu ndi ya pakati pa anthu yomwe. Amayang'ana kapezedwe kanu ndi kulimba kwa mlandu wanu, ndipo nthawi zina amapempha kuti musonkheko kangachepe. Popita kumeneko mutenge chisamani, kope ya lamulo lothetsa mlandu, chiphaso chanu cha unzika ndi umboni wonse, ndipo muwauze poyambirira kuti nkhani yanu ili ndi malire a nthawi.

Mbale wanu, ankhoswe kapena amfumu angathe kukuperekezani, kukuchitirani umboni, kapena kudzanena kuti mwadwala, koma sangakuyankhulireni ngati loya. Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira pafupi ndi maofesi a boma, olonjeza kuti akudziwana ndi akuluakulu ndipo adzutsa fayilo yanu mukawapatsa kenakake. Mlandu umabwezeretsedwa ndi lamulo losayinidwa ndi woweruza basi, ndipo ndalama iliyonse yopanda risiti ndi yotayika, mwinanso ingakulowetseni m'mlandu wa ziphuphu.

Pempho likavomerezedwa kapena kukanidwa, chotsatira n'chiyani?

Likakanidwa, pemphani zifukwa zake zolembedwa tsiku lomwelo, chifukwa nthawi ya apilo imayamba kuwerengedwa pomwepo, ndipo mupite nazo kwa wodziwa malamulo kuti aone ngati apilo ili ndi maziko kapena ngati zaka zosumira mlandu watsopano zikadalipo.

Likavomerezedwa, mvetserani bwino zimene woweruza walamula, pakuti kawirikawiri amayika zoti muchite ndi masiku ake, monga kupereka zikalata za mboni pasanathe masiku akutiakuti kapena kulipira ndalama za mbali inayo, ndipo mukaphonya chimodzi mlandu ungathe kuthetsedwanso popanda kuitanidwa. Onetsetsani kuti lamulolo lalembedwa, lasayinidwa ndi kudindidwa, ndipo kope yake yafika kwa woyankha. Musachoke musanadziwe tsiku lotsatira. Ngati silinaperekedwe, funsani kalaliki pepala limene muyenera kupereka kuti tsiku lipezeke, ndipo muzipita kukaona fayilo yanu mwezi uliwonse, n'kulemba m'kabuku kanu tsiku limene munapita ndi zimene munauzidwa. Tsiku lina mukadzaona kuti simutha kufika, lembani kalata yopempha kuti mlandu uyimitsidwe, yonena chifukwa chake, ifike ku khoti ndi kwa mbali inayo tsikulo lisanakwane, ndipo mutume munthu wamkulu kuti akakhalepo dzina lanu likamaitanidwa.